Kamera ya filimu yakale koma ndalama ndi zochepa, ndiyambire pati?

Nachisale_LL
Abale anga ndithandizeni maganizo. Zithunzi ndimajambula ndi foni basi koma mtima wakhala ukufuna kamera ya filimu, zija za 35mm. Vuto ndi thumba. Kulikonse ndikawerenga akungoti gula Canon AE-1 kapena Pentax K1000, koma ukaona mtengo wake pa eBay n'kuphatikiza yotumizira ndi msonkho wa kasitomu ndalama yake ikundipitirira, nkhani ya forex nayonso mukuidziwa. Ndiye pali munthu wina konkuno ku Lilongwe akugulitsa Zenit-E ndi lenzi yake, akuti inali ya malemu bambo ake ndipo iyeyo sakudziwa ngati imagwira. Nditenge? Nanga ndikapita kukaiona ndikayang'ane chani kwenikweni?

Che_Shata
Kutsogolo kwa lenziyo kwalembedwa chani? Yambani mwafunsa chimenecho.

Nachisale_LL
Pachithunzi chomwe watumiza pakuoneka Helios-44-2, kenako 2/58.

Che_Shata
Ndiye pitani mukaione achemwali. Ngakhale kamerayo itapezeka kuti inafa, lenzi imeneyo payokha ndi katundu. Ndi 58mm f/2, inkapangidwa ku Soviet Union potengera Biotar ya Carl Zeiss, ndipo anazipanga zambirimbiri n'chifukwa chake mpaka pano sizinafike podula kwambiri. Mukajambula munthu kumbuyo kwake kuli masamba a mtengo dzuwa likudutsamo, kumbuyoko kumaoneka mozungulirazungulira. Anyamata a mavidiyo akuisaka kwambiri masiku ano.

WakuJoni_84
Ine ndikukana. Lenzi ndi yabwino inde koma Zenit si kamera yopatsa munthu amene akuyamba kumene. Ndi yolemera, poonera pake ndi pamdima komanso sipaonetsa chithunzi chonse chomwe chikagwere pa filimu, ma sipidi a shata yake, chija chotsegula ndi kutseka kuti kuwala kufike pa filimu, ndi 1/30 mpaka 1/500 ya sekondi ndi B basi. Mita yake ya kuwala ndi ya selenium, zambiri zinafooka kalekale. Kuwonjezera apo Helios imeneyo umayenera kutseka wekha aperture, bowo lolowera kuwala mu lenzi, ndi dzanja usanadine, ukaiwala chithunzi chimayera mbuu. Filimu ndi yodula kuti munthu azitayira pa zimenezi.

Che_Shata
Kuiwalako ndi kwa masiku oyamba basi, dzanja limazolowera.

MadalaAkuNdirande
Ana anga, Zenit musainyoze pamaso panga, ine ndinalipirira ana fizi ndi kamera imeneyo. Koma zomwe wanena mnyamata wa ku Joniyo ndi zoona, si kamera yofewa. Mayi Nachisale, kaya ndi Zenit kaya ndi ina iliyonse, poyang'ana pake ndi pamodzimodzi. Pitani masana, musakumane madzulo. Tsegulani chitseko chakumbuyo, chotsani lenzi, lozetsani kamera kumwamba kapena kukhoma loyera, kokani n'kudina pa sipidi iliyonse mukuyang'ana. Kuwala kuzioneka pa chimango chonse, ndipo 1/30 izimveka yochedwa kuposa 1/500, khutu lokha limakuuzani. Pa B shata itseguke ndipo ikhale chitsegukire mpaka mutachotsa chala. Shata ya Zenit ndi ya nsalu, ndiye yatsani tochi ya foni kuseri kwake muone ngati mulibe timabowo, muone nsalu yoyamba musanakoke ndi yachiwiri mutakoka. Kabowo kamodzi kokha kadzakupatsani kadontho koyera pa chithunzi chilichonse.

Kenako lenzi. Tsegulani aperture yonse, walitsani tochi cham'mbali, osati molunjika m'diso. Tifumbi musadandaule nato, lenzi ya zaka 40 kapena 50 singakhale yopanda fumbi ndipo pa chithunzi situoneka. Choopsa ndi nguwi, imaoneka ngati ukonde wa kangaude woyambira m'mbali mwa galasi, komanso chifunga chija chopangitsa galasi kuoneka lotuwa. Timasamba ta aperture tikhale touma, tikamanyezimira mafuta ndiye kuti titha kuyamba kumatirira. Pozungulitsa fokasi pasamagwire mchenga. Ndipo inunkhizeni, kamera yomwe yakhala m'sutikesi zaka zambiri fungo lake la chinyezi silibisika. Ka self-timer kaja musakakhudze, pa makamera akale ndi kamene kamakonda kukakamira n'kutsekereza china chilichonse.

Nachisale_LL
Zikomo kwambiri madala, ndakopera zonsezi mu foni.

Tadala_Leeds
Ndiwonjezereko pa nkhani ya mtengo. Chomwe chikudula pa K1000 ndi AE-1 ndi dzina, chifukwa aliyense pa YouTube akutchula zomwezo. K1000 inapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1997 ngati kamera yotchipa ya ana asukulu, ilibe chodabwitsa chilichonse mkati. Chofunika ndi pomangira lenzi pake, K mount, ndipo pamenepo makampani ena ambiri anapagwiritsanso ntchito. Ricoh KR-5, Chinon, Cosina, Vivitar, zonsezi zimalandira ma lenzi omwewo a Pentax ndipo kuno m'ma charity shop ndi pa car boot sale zimapezeka pa mtengo wotsika kwambiri chifukwa palibe akuzifunsa. Chithunzi chimapangidwa ndi lenzi ndi filimu, bokosilo ntchito yake n'kutsegula ndi kutseka pa nthawi yake. Ricoh yokhala ndi SMC Pentax-M 50mm f/1.7 ikupatsani chithunzi chomwecho chimene K1000 ingakupatseni. Kumbali ya pomangira lenzi pa M42, komwe kuli Helios wanuyo, kuli Praktica za ku Dresden monga MTL3 ndi MTL5, shata yake ndi yachitsulo ndipo imafika 1/1000. Ndiye ngakhale Zenit itakukanikani, lenziyo mudzangoipotokola n'kuimanga pa Praktica kapena pa Pentax Spotmatic.

Mlamu35
Asisi a ku Leeds mwanena zoona koma mwasiya yotchipitsitsa. Canon EOS za filimu za pulasitiki zija, EOS 300, EOS 500N, kapena Nikon F65. Anthu amazinyoza chifukwa sizioneka zachikale, pakhosi sizitchena, koma mita yake ndi yolondola, zimakoka filimu zokha, zili ndi autofocus ndipo ndi zazing'ono pa zaka poyerekeza ndi zachitsulozo. Ngati muli kale ndi Canon ya digito ya ma lenzi a EF, lenzi yomweyo imalowa.

MadalaAkuNdirande
Nanga ikafa mukonzetsa kwa ndani? Yachitsulo wokonza mawotchi woleza mtima amatha kuitsegula n'kuipukuta. Ya pulasitiki ikazima yazima.

Mlamu35
Ikazima mugula ina madala, mtengo wa zitatu ndi wa K1000 imodzi.

WakuJoni_84
Kugula ina n'kosavuta kwa amene ali ku Leeds kapena kuno ku Johannesburg. Munthu ali ku Area 25 adikira mpaka wina abwere pa ndege kapena pa basi. Ndipo ganizirani mabatire. EOS 300 ndi F65 zimadya CR2 awiri, popanda amenewo ngakhale kudina sizidina. AE-1 nayonso imene anthu akuithamangirayo shata yake ndi yamagetsi, imafuna batire la 6V lija la 4LR44, likatha kamera yagona. Pomwe K1000, Nikon FM, Yashica FX-3, batire ndi la mita yokha, ndi LR44 yemweyu wa m'mawotchi ndi m'makakyuleta, ndipo likatha umapitiriza kujambula. Kumudzi ine ndingasankhe yamakina nthawi zonse.

Che_Shata
Pa mabatire pomwepo, samalani ndi Olympus OM-1 ndi Minolta SR-T 101. Ndi makamera abwino zedi koma mita yake inapangidwira batire la mercury la 1.35V lomwe analetsa. Mukaikamo la 1.5V singano imanama. Ena amagwiritsa ntchito mabatire a zothandizira kumva aja a zinc-air chifukwa mphamvu yake ili pafupi, kungoti satenga nthawi kutha. Ndipo potsegula pa batire muziona ngati mulibe zoyera kapena zobiriwira, asidi akadya waya mkati ndi ntchito ina.

NyanjaBlue
Madala a ku Ndirande, ndifunse nawo zapambali. Inu ndi aja munkayenda pa njinga kamera ili pakhosi? Kwathu kunkabwera bambo wina Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi, tinkaima pafupi ndi maluwa, ndiye zithunzi kubwera patatha masabata.

MadalaAkuNdirande
Ndife amenewo mwanawe. Kuchedwako sikunali ulesi ayi. Filimu imodzi ndi zithunzi 36, ndiye sungakatsukitse utajambula anthu asanu okha, umayenera kudikira idzaze. Munthu ankapereka theka la ndalama pojambulitsa, theka polandira. Nyengo ya Khirisimasi ndi ya maukwati filimu inkadzaza tsiku limodzi, koma Januwale ndi Febuluwale anthu ali kumunda ndalama kulibe, imatha kukhala m'kamera mwezi wathunthu. Ndipo panalibe zoti ndione kaye ngati ndatuluka bwino. Munthu akaphethira waphethira, ukabweretsa chithunzi maso ali otseka ena ankakana kulipira. N'chifukwa chake tinkawerenga mokweza kuti wani, thuu, n'kudina asanayembekezere.

Tadala_Leeds
Mwandikumbutsa alubamu ya amayi anga, muli chithunzi cha agogo atakhala pampando wailesi ili pamwendo. Ma negetivu munkawapatsa eni ake kapena munkasunga?

MadalaAkuNdirande
Tinkasunga ife, chifukwa munthu akafuna kopi ina ankabwereranso kwa iwe. Ambiri mwa anzanga anawataya pamene digito inabwera. Zimandipweteka mtima chifukwa m'menemo munali nkhope za anthu a m'makwalala athu onse, ena palibenso chithunzi chawo china chilichonse. Amene muli ndi makolo omwe ankajambula, kafufuzeni m'masutikesi chiswe chisanamalize.

KabazaPix
Nkhani yokoma koma ine ndifunse mosapsatira. Achemwali mukuti ndalama ndi zochepa. Kamera mugula kamodzi, nanga filimu? Mukatsukitsa kuti? Ma studio ambiri anasiya zotsuka filimu, akungopirinta za pa foni ndi pa memori khadi. Bwanji osagula kakamera ka digito ka Sony NEX kakale kapena a6000, n'kugula adaputa ya M42, Helios yomweyo n'kumajambulira ulere mpaka kalekale?

Nachisale_LL
Funso limeneli ndi lomwe likundisowetsa tulo achimwene. Koma chomwe ndikufuna ine ndi filimu yeniyeniyo, ndigwire negetivu m'manja.

WakuJoni_84
KabazaPix wagunda penipeni ngakhale sindikugwirizana naye kuti asiye. Ndalama yeniyeni pa masewerawa ili pa filimu ndi kutsuka, osati pa kamera. Kuno ku Joni ndi ku Cape Town malabu otsuka filimu ya kala (C-41) alipo ndipo amasikana n'kukutumizira pa imelo, ndiye njira imodzi ndi kusonkhanitsa ma filimu angapo n'kupatsira munthu wodalirika amene akubwera kuno. Filimu ya kala yotchipirapo ndi Kodak ColorPlus 200 ndi Kodak Gold 200. Koma malangizo anga, musawononge ndalama zonse pa kamera. Gawani pawiri, theka kamera theka filimu. Ndaona anthu atagula Nikon FM2 yokongola n'kuiika pa shelefu chifukwa ya filimu inathera pomwepo.

Che_Shata
Njira ina ndi filimu yakuda ndi yoyera n'kumatsuka wekha kunyumba, sizovuta monga anthu amaganizira. Fomapan ya ku Czech Republic ndi Kentmere ndi zotchipa kuposa Ilford HP5. Chofunika ndi thanki yotsukiramo ya Paterson, thumba lakuda losinthiramo filimu, thermometer, komanso mankhwala awiri otsukira, divelopa ndi fikisa. Chipinda chamdima sichifunika ngati simukupirinta pa pepala. Divelopa tengani Rodinal, ndi mankhwala akalekale a m'ma 1891, mumasungunula gawo limodzi pa magawo 50 a madzi ndiye kabotolo kamodzi kamatsuka ma filimu ambiri, komanso sikaonongeka msanga ngakhale mutakatsegula. Chovuta kwathu kuno ndi kutentha. Nthawi zolembedwa pa mapepala ndi za madzi a madigiri 20, ndiye mu Okutobala madzi a pampopi amakhala ofunda kuposa pamenepo, muyenera kuponyamo ayezi mpaka atsike, apo ayi negetivu imada kwambiri. Ikauma mumaijambula ndi kamera ya digito kapena foni itagona pa chinthu chowala, n'kuitembenuza pa kompyuta.

Mlamu35
Ena amatsukira khofi, washing soda ndi vitamin C. Zimatheka ndithu, amati caffenol.

Che_Shata
Zimatheka koma fikisa mudzagulabe, khofi salowa m'malo mwa fikisa. Ndipo woyamba kumene ayambe ndi mankhwala odziwika kuti chikalakwika adziwe kuti vuto ndi kamera kapena ndi katsukidwe.

KabazaPix
Chabwino ndamva. Koma pa ma adaputa ndisiyeko mawu kwa amene akugula ma lenzi akale kuti aike pa digito, chifukwa apa anthu amataya ndalama. Nkhani ndi mtunda wochokera pomangira lenzi kufika pa filimu kapena sensa. M42 ndi pafupifupi 45.5mm, Canon EF ndi 44mm, ndiye ka ring'i wamba kachitsulo kamakwanira. Nikon F ndi 46.5mm, ndiye M42 pa Nikon sifika fokasi ya kutali pokhapokha adaputa ikhale ndi galasi mkati, ndipo galasi lotchipalo limaononga chithunzi. Canon FD, pomangira pakale pa Canon, ndi 42mm, siikwana bwino pa EOS ngakhale zonse ndi Canon, anasintha mu 1987. Pa makamera a digito opanda kalilole (mirrorless) ngati Sony E mtunda ndi 18mm basi ndiye pafupifupi chilichonse chimalowa. N'chifukwa chakenso ma lenzi a FD ndi Minolta Rokkor omwe kale ankangotayidwa anayamba kukwera mtengo.

NyanjaBlue
Ine dandaulo langa ndi nguwi. Kuno ku Nkhata Bay chinyezi ndi chosaneneka, nthawi ya mvula ngakhale nsapato zimachita nguwi m'nyumba. Ndili ndi lenzi ya Takumar 55mm yomwe yayamba timizere m'mbali. Itheka kupulumuka?

MadalaAkuNdirande
Ikakhala yongoyamba kumene imapukutika, koma afunika munthu wodziwa kumasula magalasi n'kuwabwezera mmene analili. Ikakhalitsa imadya utoto wa pagalasi ndipo chipsera chake sichichoka. Pakadali pano ichotseni pafupi ndi ma lenzi ena. Ndipo nonse amene mukusunga makamera m'zikwama zachikopa zija, tulutsani. Chikopa chimasunga chinyezi. Nguwi imakonda mdima ndi mpweya wosayenda, kamera yomwe ikugwira ntchito tsiku ndi tsiku sichita nguwi kawirikawiri.

Tadala_Leeds
Kontena ya pulasitiki yotseka bwino, mkati muike timapaketi ta silica gel tija timabwera m'mabokosi a nsapato. Tikakhuta chinyezi mumatiumitsanso pa moto wochepa mu uvuni.

Mlamu35
Mpunga nawo umathandiza.

Che_Shata
Mpunga ayi chonde, fumbi lake limalowa paliponse komanso umaitana anankafumbwe. Silica gel yemweyo.

NyanjaBlue
Nanga zoti ma Takumar ena ali ndi radiation ndi zoona? Mnzanga anandiopseza.

Che_Shata
Ena inde, makamaka Super-Takumar 50mm f/1.4 zambiri, galasi lina mkati anasakaniza ndi thorium ndipo ndi limene limasanduka lachikasu pakapita zaka. Mphamvu yake ndi yochepa, pojambula wamba anthu akhala akuzigwiritsa ntchito zaka zonsezi, chachikulu musaliphwanye kapena kulipala galasilo. Chikasucho chimachepa mukaiika pa kuwala kwa UV masiku angapo. Wogulitsa akakuuzani kuti yachikasu ndi yoonongeka, mutsitseni mtengo n'kuitenga.

WakuJoni_84
Tibwerere kwa mwini funso. Ngati Zenit ikakanike ndipo muganize zoitanitsa kunja, mawu oti untested (sinayesedwe) muziwawerenga kuti mwina ndi yakufa, mulipire mtengo wa yakufa. Ogulitsa a ku Japan pa eBay amalemba Excellent ndi ma plus ambirimbiri pamutu, koma mukatsika pansi mupeza alemba kuti muli fungus (nguwi) pang'ono kapena haze (chifunga), ndiye muziwerenga mpaka pansi ndi kukuza zithunzi. Funsani vidiyo ya shata ikugwira. Siponji zotchinga kuwala pa chitseko zikakhala zonyenyeka musaope, ndi ntchito yoti mutha kuchita nokha ndi ka foam kopyapyala kapena ulusi wakuda wolukira. Koma Minolta X-700 kapena X-300 yomwe chokokera chake chakakamira nthawi zambiri ndi capacitor, imafuna wodziwa kuwotcherera. Ndipo amene akubweretserani filimu pa ndege asaiike m'chikwama chachikulu chopita pansi, makina a kumeneko ndi amphamvu, aitenge m'manja ndipo pomwe pali ma CT scanner atsopano apemphe kuti aiyang'ane ndi manja.

Tadala_Leeds
Komanso muwafunse achibale kaye musanagule. Madala ambiri amene anagwirako ntchito ku Joni, ku Zimbabwe kapena ku Copperbelt ankabwera ndi wailesi ndi kamera. Olympus Trip 35 ndi Yashica zili m'makabati ambiri kuposa mmene tikuganizira. Trip 35 sifuna n'komwe batire, ndipo poyesa mumangophimba lenzi ndi dzanja pa A n'kudina, kambendera kofiira kakatuluka poonera ndiye kuti mita ili moyo.

Nachisale_LL
Ndabwerako abale. Shata ikugwira pa ma sipidi onse, nsalu zonse ziwiri zilibe bowo, ndinaunika ndi tochi monga munanenera madala. Lenzi ili ndi tifumbi koma nguwi sindinaione, fokasi ndi yolimbirako pang'ono koma ikuzungulira bwinobwino. Singano ya mita ndiye siikusuntha ngakhale padzuwa. Ndinawauza zimenezo ndipo anatsitsa mtengo, ndatenga. M'chikwama munalinso filimu imodzi ya Fujicolor yosatsegula koma deti yake inapita kalekale. Ndiyambire imeneyo? Nanga popanda mita ndipanga bwanji?

MadalaAkuNdirande
Mwachita bwino mayi. Mita musaidandaule, ife ambiri sitinkaiyang'ana n'komwe. Filimu ikakhala ya 200, ikani sipidi pa 1/250. Dzuwa lili phwee mthunzi wakuthwa, f/16. Kukakhala timitambo, f/11. Mitambo yokhayokha mthunzi wosaoneka bwino, f/8. Pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mango, f/5.6 kapena f/4. Mukakayika tsegulani kwambiri, filimu ya negetivu imapirira kuwala kochuluka kuposa kochepa. Ndipo pa Zenit zolowerani kukoka kaye musanasinthe sipidi, pa makamera ena a ku Soviet Union monga FED ndi Zorki ukasintha usanakoke umatha kuononga makina.

Mlamu35
Pa foni palinso ma app a light meter aulere, muziyerekeza ndi zomwe anena madalazo mpaka diso lizolowere.

WakuJoni_84
Filimu yakaleyo musayambire. Yakhala m'chikwama motentha zaka zonsezi, zithunzi zikatuluka zoipa simudziwa ngati ndi kamera, ndi inu kapena ndi filimu. Yoyamba ikhale yatsopano, mujambule pa sipidi iliyonse ndipo muzilemba m'kabuku zomwe mwaika pa chithunzi chilichonse.

Che_Shata
Yakaleyo isungeni mu fuliji, mudzaijambule pambuyo pake ndipo mudzaipatse kuwala kowonjezera, anthu amawerengera sitopu imodzi, kutanthauza kuwirikiza kuwala kawiri, pa zaka 10 zilizonse zomwe yapitirira. Fokasi yolimbayo musathiremo mafuta a makina osokera, amayenderera mpaka pa timasamba ta aperture. Girizi wakale wauma basi, mukamaigwiritsa ntchito imafewerako.

KabazaPix
Adaputa ya M42 ndili nayo ine yongokhala. Mukafuna kuona mmene Helios wanuyo akujambulira musanaononge filimu, tipangane Loweruka m'tauni muiyese pa Sony yanga.

Nachisale_LL
Loweruka m'mawa zitheka achimwene, ndikulemberani ku inbox. WakuJoni_84, mukamadzabwera mwezi wamawa munganditengereko ColorPlus ziwiri? Ndalama nditumiziratu.